Ndinadula, koma sizinachoke

Amayi msungichuma analandira mapepalawo akadali ofunda, atangotuluka mu pulinta. Tinali m'kashopu kena ka ku Kabwata, mu Lusaka, komwe amatayipa makalata ndi kuchita fotokope, jenereta ikugunda kuseri kwa khoma. Anavala magalasi, kuwavula, kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwavalanso. Kenako anatambasula mkono mpaka pepala linapita kutali, n'kulibweza mpaka pamphuno.

"Alembi, nyerere mwandiikira apazi ndiziwerenga bwanji?"

Mnyamata wa pashopupo anayang'ana kumbali kuti ndisaone kuti akuseka. Ine ndinangoti kakasi. Mapepalawo anali atandidyera tulo ta masiku atatu.

Gulu lathu ndi la village banking, zija abale athu a ku Malawi amati banki mkhonde. Tilipo anthu 23, ambiri a mpingo umodzi, ena a ku Chilenje, ena a ku Kabwata ndi Libala. Ulembi unandigwera ine pa chifukwa chimodzi chokha: ndili ndi laputopu ndipo kuntchito ndimagwira za maakaunti. Zosunga za mwezi ndi mwezi, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa cha ochedwa, zonse ndinaziika mu Excel. Ndiye mu 2024 kuntchito anandiuza kuti ndikakhale ku Chipata miyezi inayi. Komiti inagwirizana kuti amayi msungichuma ndiwo azilowetsa manambala ine kulibe. Iwowa ndi mphunzitsi wopuma. Masamu a m'mutu amandisiya kutali, koma kompyuta amaigwira ngati mwana wa eni amene akudwala. Pempho lawo linali losavuta kumva: "Mundilembere pang'onopang'ono, ndi zithunzi zomwe, ngati mukuphunzitsa mwana wa giredi 1."

Chaka chimenecho aliyense wa mu Lusaka akuchikumbukira. Mvula inakana, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo magetsi ankabwera pakati pa usiku ngati mfiti. Ndinkadzuka ndikamva firiji yayamba kulira, n'kukhala pathebulo maso ali psuu. Njira yanga inali imodzi: kudina batani la Print Screen lojambula zimene zili pa sikirini, kupita ku Word, kudina Ctrl ndi V, kulemba mzere umodzi pansi pake, kubwereranso ku Excel. Zinakwana zithunzi 31. Pa laputopu zinkaoneka bwino ndithu, moti ndinadzitama.

Batani la Print Screen ndi nkhalamba. Linalipo kale pa kiyibodi ya IBM PC ya mu 1981, ndipo masiku a DOS dzina lakelo linali loona: zolembedwa zonse za pa sikirini zinkapita ku pulinta monga zilili. Windows itabwera, batanilo linasiya kutuma pulinta, linayamba kusunga chithunzi pa clipboard, pamalo osaoneka paja pomwe zinthu zimadikira kuti uzimate kwina. Koma khalidwe lake lakale silinathe. Pa laputopu yanga linkakolola chimanga ndi mapesi omwe. Ine ndinkafuna kuwaonetsa amayi kabokosi kamodzi kolembamo ndalama, koma chithunzi chinkabwera ndi mizere yonse ya Excel, mabatani onse a pamwamba, wotchi ya pakona yonena kuti ndi 01:47, ngakhale kachizindikiro ka batire limene likutha.

Masamu ake ndinawawerengera m'basi pobwerera kunyumba, ndipo ndi ochititsa manyazi chifukwa ndi apafupi. Sikirini ya laputopu yanga, ija ya mainchesi 15.6, m'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita 34. Pepala la A4 ndi masentimita 21, ndipo ukachotsa malire a mbali zonse ziwiri amene Word imasiya, amatsala pafupifupi 16. Ukamata chithunzi chachikulu, Word imachifinya yokha kuti chikwane pamenepo. Ndiye kuti chilichonse chimachepa kuposa theka. Chilembo cha saizi 11 mu Excel chimafika papepala chili pafupifupi saizi 5, ndipo timawu ta pa mamenyu, timene ndi tating'ono kale, timasanduka nyerere zenizeni. Amene ali ndi sikirini ya 1920 kwa 1080 zinthu zimawaipira kwambiri, poti pa sikirini pamakwana zambiri ndipo zonsezo zimakathithikana pa masentimita 16 omwewo. Ine sindinaone vutoli chifukwa pa laputopu ndinkawerenga chikalatacho nditachikulitsa. Pepala silikulitsika.

Madzulo omwewo ndinapeza mankhwala achangu. Mu Word, ukadina chithunzi, pamwamba pamabwera Picture Format, ndipo kumapeto kwake kuli Crop. Timizere takuda timaoneka m'mbali mwa chithunzi, ukukoka, mbali zosafunika zikuzimiririka. Ndinadula zithunzi zonse 31, chilichonse n'kutsala kachigawo kofunika kokha, kenako ndinazikulitsa. Ola limodzi ntchito inatha. Mawa lake amayi msungichuma anawerenga tsamba loyamba mpaka lomaliza osavula magalasi, n'kunena kuti, "Eya, izi ndiye za anthu." Anapempha kuti ndiwatumizire fayilo ya Word yomweyo pa WhatsApp, kuti mdzukulu wawo aziwathandiza kuwonjezera zimene angaiwale. Ndinaiponya pa gulu lathu lonse. Patapita masiku ochepa, mayi wina anati mchemwali wake ali m'gulu lina ku Matero ndipo nawonso akuvutika ndi Excel, kodi angawatumizire? Ndinayankha ndi kachala koloza m'mwamba. Mtima unali mbee.

Foni inalira Lachiwiri usiku, cha m'ma 9 koloko. Amayi msungichuma saimba usiku.

"Alembi, muli pokhala? Lankhulani ndi mwana uyu."

Mdzukulu wawo ali giredi 11. Anayamba ndi ulemu wonse, kundifunsa za kunyumba, kenako anati, "Ankolo, ndimafuna kukulitsa chithunzi cha pa tsamba 4 kuti agogo aziona bwino. Ndadina Crop. Ndiye kwatuluka zina zotuwa m'mbali."

"Zotuwa zotani?"

"Mayina a anthu, ankolo. Ndi manambala a reji, zitupa za unzika zija. Ndi zina zimene munalemba kumapeto."

Ndinakhala pansi. Kumapeto kwa tebulo langa la Excel kunali kolamu imene ndinaitcha Ndemanga. Ngongole za munthu aliyense gulu lonse limazidziwa, timazitchula pamsonkhano. Koma zifukwa zimene munthu wabwera nazo ku komiti mwamseri, popempha kuti timudikire, zimathera kwa anthu anayi. Ine pofuna kusaiwala ndinkazilemba m'kolamu imeneyo mwachidule. Wina mwana ali m'chipatala. Wina katundu anamulanda pamalire. Ndipo pa mzere wa bambo wina wachikulire, munthu amene anandilandira m'gululi, ndinalemba kuti: ntchito inatha mu Epulo, akazi awo sanauzidwe, tidikire miyezi itatu.

"Ankolo," anatero mnyamatayo atamva kuti ndakhala chete, "Word sidula. Imangopinda."

Mawu amenewo ndi oona ndendende. Crop ya mu Word ili ngati kupinda m'mphepete mwa pepala kuti zina zibisike kumbuyo. Chithunzi chonse chimakhalabe m'fayilo, ndipo anachita dala kuti munthu ukasintha maganizo uthe kubweza. Aliyense amene ali ndi fayiloyo akadina Crop amaona mbali zobisikazo zili zotuwa, akakoka timizere tija zimabwerera zonse. Palinso njira ina imene ndinaiyesa usiku womwewo manja akunjenjemera. Fayilo ya docx kwenikweni ndi mtolo wa zip. Ukaikopera pena n'kusintha mapeto a dzina lake kukhala zip, imatseguka ngati foda, ndipo mkati muli foda yotchedwa word, m'menemo muli ina yotchedwa media. Ndinatsegula. Zithunzi zanga zonse 31 zinali ndondondo, zathunthu, monga ndinazijambulira pakati pa usiku paja, ndi wotchi ya pakona yomwe.

Ndinathamangira pa WhatsApp kuti ndifufute uthengawo kwa onse. Nthawi inali itadutsa kale, poti mwayi umenewo umatha pakapita masiku awiri ndi kanthu. Ndipo ngakhale ukanakhalapo, za ku Matero sukanazikhudza. Madzi akatayika saoleka. Ndinalemba pa gulu kuti fayilo ija ili ndi zolakwika, aliyense aifufute, ina ikubwera. Sindinanene kuti zolakwika zake n'zotani, poopa kuti ndikatero ndiye ndawatuma kukafufuza. Amayi msungichuma anaimbanso m'mawa. Sanandikalipire. Anangoti, "Bambo aja mukawauze nokha, asamve kwa wina. Lero."

Sindinapite tsiku limenelo. Sindinapitenso mawa lake. Ndinadziuza kuti choyamba ndikonze chikalata, ndipo ndinachikonza ndi khama limene sindinaikepo pa ntchito ina iliyonse, chifukwa ola lililonse limene ndinali pa laputopu linali ola limene sindinali pakhomo pa bambo aja. Zambiri zimene ndikudziwa lero za screenshot, kujambula zimene zili pa sikirini, ndinaziphunzira masiku anayi a mantha amenewo.

Ndinayamba ndi kutaya tebulo lenileni. Ndinapanga lina la mayina opeka, Membala 1, Membala 2, manambala a reji a ziro okhaokha, ndalama zongoyerekeza. Ichi ndicho ndinayenera kuchita pachiyambi pomwe, ndipo chikanandichotsera mavuto ena onse. Chinthu chimene sichinajambulidwe sichifuna kubisidwa. Amayi msungichuma sankafunikira kuona ngongole ya munthu weniweni kuti adziwe kabokosi kolembamo chiwongoladzanja.

Kenako ndinasiya Print Screen yokolola zonse ija. Pa Windows 10 ndi 11, ukadina pamodzi batani la Windows, Shift ndi S, sikirini imada pang'ono ndipo umakoka ndi mausi kachigawo kokhako kamene ukufuna. Chimene chili kunja kwa kachigawoko sichilowa n'komwe m'chithunzi. Kudula kwenikweni n'kumeneko, kodulira kumunda, osati kunyamula mtolo wonse n'kukaubisa kuseri kwa chitseko. Chida chake ndi Snipping Tool, chimene chakhala chikubwera ndi Windows kuyambira pa Vista, ndipo ine zaka zonsezi ndinkachidutsa ngati chitsa. Ukafuna windo limodzi lathunthu, monga kabokosi kofunsa kuti usunge fayilo kuti, Alt ndi Print Screen imatenga lokhalo. Ukadina Windows ndi Print Screen, sikirini imaphethira ndipo chithunzi chimakasungidwa chokha mu foda ya Screenshots mkati mwa Pictures. Pa malaputopu ena batanilo limagawana malo ndi lina, ndiye umafunika kugwiranso Fn. Anzathu a Mac awo ndi Command, Shift ndi 4. Word nayonso, kuyambira ya 2010, ili ndi Screenshot pansi pa Insert, ndipo Screen Clipping yake imagwira ntchito yomweyo, chithunzi n'kugwera pomwe pali kasa, kamzere kophethira kosonyeza polemba kaja.

Chimene chinasintha maonekedwe a mapepala kwambiri ndi kanthu kakang'ono: kukulitsa usanajambule. Screenshot ilibe timadontho tina toposa timene tili pa sikirini. Ukajambula kabokosi kakang'ono n'kukakoka mu Word kuti kakule, Word imangotambasula timadontho tomweto ndipo zilembo zimachita chimbuuzi. Koma ukayamba wakulitsa Excel kufika pa 150 kapena 200 peresenti, pogwira Ctrl n'kupukusa kawilo ka mausi, zilembozo zimajambulidwa ndi timadontho tambiri ndipo papepala zimatuluka zakuthwa. Pa intaneti ndi chimodzimodzi, Ctrl ndi chizindikiro chophatikiza. Muyeso wanga tsopano ndi woti zilembo za m'chithunzi zikhale pafupifupi zofanana ndi zilembo za chikalatacho. Zikachepa kuposa pamenepo, ndajambula malo aakulu kwambiri.

Koma kudula kwambiri nakonso kuli ndi vuto lake, ndipo ili ndinaliona pa tsamba 2. Ndinajambula batani la Save lokhalokha, lalikulu bwino, lokongola. Nditaliyang'ana ndinadzifunsa kuti, munthu amene sadziwa Excel alipeza kuti batani limeneli? Zili ngati kulondolera mlendo pomuonetsa chithunzi cha geti lokha, osamuuza kuti lili pafupi ndi msika uti. Mu Lusaka sitilondolerana ndi manambala a nyumba, timati ukafika pa filling station ukhotere kumanja, udutse pogulitsa makala. Chithunzi nachonso chimafuna chizindikiro choterocho. Ndinajambulanso, n'kusiya kona ya windo ndi mawu akuti File akuoneka, kuti diso lidziwe poyambira.

Mamenyu anandivutitsa. Ukatsegula menyu n'kupita kukayatsa chida chojambulira, menyuyo imatsekeka, ngati nkhuku imene yaona kuti wanyamula mpeni. Mankhwala ake ndi Delay ya mu Snipping Tool. Umasankha masekondi angapo, pa Windows 10 kuyambira 1 mpaka 5, pa Windows 11 ndi 3, 5 kapena 10, n'kudina New, n'kuthamanga kukatsegula menyuyo. Nthawi ikakwana sikirini imauma menyu ili chitsegukire.

Ndinene pang'ono za kujambula sikirini ndi foni, chifukwa ndi matenda a m'maofesi athu onse. Munthu kompyuta yamuvuta, watulutsa foni, wajambula, watumiza. Chimene chimafika ndi chithunzi chopendekeka, chamizeremizere ngati chitenje, windo la ofesi likuwala pakati, ndipo nthawi zina nkhope ya mwini wake ikuoneka mbuu kumbuyo kwa manambala. Mizere ija imabwera chifukwa timadontho ta kamera ndi ta sikirini sitigwirizana. Kompyuta ikazima kapena ikakana kuyaka bwino, foni ndiyo njira yokhayo, palibe mlandu. Koma za m'chikalata choti anthu awerenge, ayi.

Tsiku lachiwiri linali la mivi ndi mabokosi. Poyamba ndinkajambula mivi mu Word momwemo, kudzera pa Shapes, pamwamba pa chithunzi. Imaoneka bwino mpaka utawonjezera ndime imodzi pamwamba. Chithunzi chimatsika, muvi n'kutsala pomwe unali, ukuloza mawu osalakwa. Ukatsegula fayiloyo pa foni kapena pa kompyuta ina ndiye chipwirikiti. Ndinaphunzira kuika zizindikiro pa chithunzi chenichenicho ndisanachilowetse mu Word, kuti muvi ndi chithunzi zikhale thupi limodzi. Paint imakwanira, yomwe ija ana amajambulira nyumba ndi dzuwa, imene yakhalapo kuyambira Windows yoyamba mu 1985. Amene amachita izi tsiku ndi tsiku amakonda Greenshot kapena ShareX, zaulere zonse, chifukwa zimaika timanambala tozungulira 1, 2, 3 mosavuta. Ine ndinakhala pa Paint.

Apa napo pepala linandiphunzitsa. Ndinazungulira mabatani ndi mzere wofiira wowonda, poti pa sikirini kufiira kumakuwa. Koma ife timapulinta zakuda ndi zoyera, za mtundu n'zodula. Kufiira kuja papepala kunasanduka kotuwa, kofanana ndi mizere ya Excel yomwe. Ndinabwereza ndi bokosi lakuda lonenepa, limodzi pa chithunzi chilichonse. Limodzi basi. Chithunzi cha mivi isanu chili ngati kondakitala amene akuitanira Chawama, Matero ndi Chelstone nthawi imodzi.

Za kubisa ndiye ndinazifufuza ngati munthu amene walumidwapo ndi njoka. Bokosi lakuda loikidwa mu Word pamwamba pa dzina si kubisa, aliyense angalidine n'kulikokera pambali. Ngakhale utasandutsa chikalatacho PDF, bokosilo likhoza kukhalabe chinthu chapadera chokhala pamwamba, ndipo wodziwa angalichotse. Cholembera chakuda cha pa foni, chija chokhala ngati highlighter, nthawi zambiri chimaonekera mkati, munthu akawonjezera kuwala zilembo zimatuluka. Kuchititsa chimbuuzi kapena timabokosi tating'onoting'ono nakonso kwabwezedwapo, makamaka pa manambala, poti manambala ndi khumi okha ndipo n'zotheka kuyerekeza. Chodalirika ndi kupaka mtundu umodzi wolimba pa chithunzi chenichenicho, mu Paint, n'kusunga ngati fayilo yatsopano ya dzina lina. Zoti fayilo yatsopanozi si mwambo chabe. Mu Marichi 2023 kunapezeka kuti chida chodulira zithunzi cha mafoni a Google Pixel, komanso Snipping Tool ya Windows 11, zinkasiya zotsalira za mbali yodulidwa mkati mwa fayilo munthu akasunga pamwamba pa yakale, ndipo anthu anatha kubweza zina mwa zodulidwazo. Anazikonza, koma nditawerenga nkhaniyo ndinapumako pang'ono: si ine ndekha amene ndinakhulupirira mpeni wosadula.

Ndipo ngati wadula kale mu Word monga ndinachitira ine, njira ilipo, ndi yaifupi mopweteka mtima. Dina chithunzi, pita ku Picture Format, sankha Compress Pictures. Chonga pamene alemba Delete cropped areas of pictures, ndipo chotsa chongi pa Apply only to this picture kuti igwire zithunzi zonse. Ukasunga, zopindidwa zija zimadulidwa zenizeni. Kudina kangapo chabe. Ndinakhala ndikuyang'ana kabokosi kameneko nthawi yaitali.

Dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, lonena za kasungidwe ka zinthu zokhudza anthu monga mayina, manambala a foni ndi a reji. Ambiri timaganiza kuti ndi nkhani ya mabanki ndi makampani a mafoni. Koma tikalembera anzathu manambala a reji mu laputopu ya kunyumba, ifenso tanyamula katundu wa eni. Ine lamulolo silimene linkandisowetsa tulo. Chinkandisowetsa tulo ndi nkhope ya mayi wina amene amandipatsa moni ndi manja awiri pa tchalitchi.

Tsiku lachitatu ndinalimbana ndi kakhalidwe ka zithunzi pa tsamba. Aliyense amene analembapo lipoti mu Word akudziwa: wasuntha chithunzi pang'ono, ndime zitatu zathawira tsamba lina. Pa chikalata cha malangizo ndinapeza kuti mtendere uli pa In Line with Text. Chithunzi chimakhala ngati chilembo chimodzi chachikulu pa mzere wakewake, mawu akatsika nacho chimatsika. Zokulunga mawu m'mbali n'zokongola m'magazini, koma kwa munthu amene akutsatira ndi chala sitepe ndi sitepe zimangosokoneza. Pokulitsa kapena kuchepetsa, kukoka ndi pakona, osati pambali, apo ayi zilembo zimanenepa kapena kuwonda ngati pa galasi la kumalo osewerera ana. Mawu ofotokoza ndinawaika pamwamba pa chithunzi, osati pansi, kuti munthu awerenge chochita kenako aone. Ndipo kuti mawuwo asatsale pansi pa tsamba chithunzi chili tsamba lotsatira, pali Keep with next mu Paragraph, imene imamangirira ndime ku inzake yotsatira.

Kanthu kamodzi kanandisangalatsa pakati pa mavuto onsewa. Pansi pa References pali Insert Caption, yoika manambala a zithunzi yokha. Imabwera ndi mawu akuti Figure, koma ukadina New Label ungalembe ako. Ndinalemba kuti Chithunzi. Kuyambira pamenepo Word inayamba kuwerenga m'chinenero chathu, Chithunzi 1, Chithunzi 2, ndipo ukalowetsa china pakati manambala amakonzedwa osawalemba ndi manja.

Za mtundu wa fayilo sindichulutsa. PNG imasunga kadontho kalikonse monga kalili, n'chifukwa chake zilembo zimakhala zoyera. JPEG anaipangira zithunzi za kamera, nkhope ndi mitengo, ndipo imataya zina kuti fayilo ichepe. Pa zilembo imasiya litsiro m'mbali, ndipo ukasunga kawiri katatu litsirolo limachuluka. Screenshot ya mawu ndi manambala ikhale PNG. Ukaituma pa WhatsApp ngati chithunzi wamba imafinyidwa, ndiye ngati mnzako akufuna kukaiika m'chikalata, mutumizire ngati document. Word nayo imafinya zithunzi posunga, kawirikawiri pa timadontho 220 pa inchi iliyonse (ppi), zimene pa pulinta n'zokwanira. Ukasankha 96 ya imelo kuti usunge mabandulo, nyerere zija zimabwerera.

Zithunzi zinatsika kuchoka pa 31 kufika pa 14. Zambiri zinali zosafunika. Palibe chifukwa chojambulira batani la OK, munthu ukamuuza kuti dinani OK amadina. Ndinasiya zokhazo za pamalo pamene munthu angasochere. Ndinatsegula fayiloyo ngati zip, kuyang'ana chithunzi chilichonse mu media, chimodzichimodzi, m'makona monse. Ndinakapulinta ku Kabwata. Amayi msungichuma anawerenga, anagwedeza mutu, anapinda mapepalawo n'kuwaika m'chikwama. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwapita?"

Ndinapita Loweruka masana. Ndinawapeza bambo aja kuseri kwa nyumba akukonza mbaula imene inathyoka mwendo, waya ali kukamwa. Anandikokera mpando. Tinafunsana za moyo, za magetsi, za mtengo wa makala. Kenako ndinanena. Ndinayamba ndi Excel, ndi Word, ndi Crop, mpaka ndinaona kuti ndikubisala m'mawu a kompyuta, ndiye ndinangoti, "Bambo, zija munatiuza ku komiti ndinazilemba, ndipo mwa kupusa kwanga zatuluka."

Anachotsa waya kukamwa.

"Aona ndi angati?"

"Amene ndikuwadziwa ndi amayi msungichuma ndi mdzukulu wawo. Koma fayiloyo inapita pa gulu lonse. Inafikanso ku Matero."

"Ku Matero." Anatembenuza mbaula ija, kuyang'ana mwendo wake. "Mlamu wanga amakhala ku Matero."

Sindinayankhe. Kunja kwa mpanda mwana ankaitanira mazira owiritsa.

"Munalemba kuti chiyani kwenikweni?"

Ndinawauza mawu ake onse monga ndinawalembera. Anamvetsera maso ali pansi, ngati munthu amene akumva kalata yochokera kumudzi.

"Simunaname," anatero. Anakhala chete kanthawi. "Miyezi inayi ndakhala ndikunyamuka m'mawa ndi chikwama. Ndimakakhala ku City Market kwa mnzanga wogulitsa zitsulo mpaka 16 koloko." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndiye kuti ndimuuze lero mayi wa ana. Zisakamupeze pamsika."

Ndinapepesa kachiwiri. Anakweza dzanja kuti basi.

Geti linalira, mayi aja analowa ndi beseni la tomato pamutu. Atandiona anatula msanga, kupukuta manja, kundipatsa moni ndi manja awiri. "Alembi, mwabwera osanena! Dikirani ndiike madzi a tiyi, mbaula yatheka kodi, bambo?" Ndinati ndikuthamangira kokonzekera ulendo wa ku Chipata, ndidzamwa ulendo wina. Anadandaula, anandipatsa tomato anayi m'kapulasitiki.

Masiku onse bambo aja amandiperekeza mpaka pamsewu waukulu, tikucheza za mpira. Tsiku limenelo anathera pageti. Ndinamva akulitseka, kenako mawu awo kumbuyo kwanga, otsika: "Amake mwana, tabwerani mukhale pansi kaye."